Ntchentche za m'maluwa zadzaza m'dimba mwathu lero

Loweruka, 12 Julayi 2025, Colchester, ku England

Kwakhala kukutentha kwambiri kuno kuyambira pakati pa sabata, choncho ndinalawirira kukathirira mbewu dzuwa lisanakwere, koma ntchitoyo inachedwa kutha chifukwa cha zimene ndinapeza pa maluwa. Kuseri kwa nyumba imene timachita lendi kuli kadimba kakang'ono. M'mbali mwa mpanda mayi a kunyumba anadzalamo maluwa achikasu a marigold, pamene ine ndinadzala nyemba, repu, maungu oti tizithyola nkhwani, komanso coriander ndi fennel, zomwe tsopano zatalika ndipo zachita maluwa. Pa maluwa a fennel amenewo, ngakhalenso pa marigold ndi pa coriander, panali ntchentche zamizeremizere zochuluka kwambiri moti duwa lililonse linali ndi zingapo, zina zitatera, zina zitaima m'malere pafupi ndi duwalo kudikira kuti zinzake zichoke. Ntchentche zimenezi, zomwe kuno amazitchula kuti hoverfly, ndimaziona chaka chilichonse m'nyengo yotentha, koma zimabwera imodziimodzi, ndipo chifikire m'dziko muno sindinaonepo unyinji wotere.

Zambiri mwa izo zinali za mtundu umodzi, umene Angerezi amautchula kuti marmalade hoverfly ndipo akatswiri amaulemba kuti Episyrphus balteatus. Ndi kantchentche kowonda, kotalika pafupifupi sentimita imodzi, kamene pamimba pake pali mizere ya mtundu wa lalanje ndi yakuda, ndipo ukakayang'anitsitsa umaona kuti mizere yakudayo ili iwiriiwiri, wina waukulu wina wopyapyala. Kaulukidwe kake ndi kamene kamachititsa munthu kusiya ntchito n'kumangoyang'ana, pakuti kamatha kuima pamalo amodzi m'malere, mapiko akugunda mofulumira kwambiri mwakuti saoneka n'komwe, kenaka n'kuthamangira chammbali mwadzidzidzi, n'kubwereranso pamalo omwe aja.

Cha m'ma 9 koloko bambo wachikulire amene timayandikana naye anasuzumira pampanda ali ndi chitini cha mankhwala opopera m'manja. Anandiuza kuti adzukulu awo abwera masana, ndipo mmodzi mwa iwo amatupa kwambiri akalumidwa ndi mavu, kotero amafuna kupopera maluwa awo onse anawo asanafike. Ndinawapempha kuti: "Bambo, musanapopere tabwerani muone bwino, chifukwa awa si mavu ayi, ndi ntchentche, ndipo zilibe mbola." Iwo anakayikira, monga angakayikire munthu aliyense woona kachilombo kachikasu ndi kakuda kakuzungulira kumaso kwake, koma analowa m'dimba mwathu ndipo tinaima pa fennel paja n'kuyamba kuyang'ana kamodzikamodzi.

Kusiyanitsa kwake sikovuta munthu akadziwa poyang'ana. Mavu ndi njuchi zili ndi mapiko anayi, pamene ntchentche ili ndi awiri okha, ndipo kumbuyo kwa mapikowo kuli timitu tiwiri tating'ono timene timaithandiza kuti isapendekeke pouluka. Mavu ali ndi tinyanga titalititali ndi chiuno chowonda kwambiri, koma ntchentchezi tinyanga take ndi tatifupi zedi, ndipo maso ake ndi aakulu moti amadzaza pafupifupi mutu wonse. Pa zazimuna za mitundu yambiri maso awiriwo amakumana pamwamba pa mutu, pamene pa zazikazi pamakhala mpata pakati. Tili chiimire, imodzi inatera pa mkono wanga n'kuyamba kunyambita thukuta, ndipo bambo aja ataona kuti sindikuithamangitsa, anaika chitini chija pansi. Mtundu wake wofanana ndi mavu ndi chitetezo chabe: mbalame imene inalumidwapo ndi mavu imapewa chilichonse chamizere yotere. Henry Walter Bates, Mngerezi amene anakhala zaka zambiri akufufuza agulugufe m'nkhalango za Amazon, ndiye anafotokoza khalidwe limeneli m'chaka cha 1862, kuti kachilombo kopanda choopsa chilichonse kamapulumuka pofanana ndi kanzake koopsa.

Apa ndi pamene bambo aja anakumbukira nkhani ya mu Ogasiti 2004, pamene ntchentche zomwezi zinafika zambirimbiri m'mphepete mwa nyanja muno mu Essex, ku Clacton, ku Frinton ndi ku Walton-on-the-Naze, malo amene sali patali ndi kuno. Anati iwo anali komweko ndi banja lawo, ndipo anthu ankathawa pamchenga atanyamula ana, poganiza kuti agwa m'manja mwa mavu, mpaka nyuzipepala zinalemba kuti zinali ntchentche zochokera kutsidya kwa nyanja. Anaseka okha pozindikira kuti chimene chinawathamangitsa nthawi imene ija ndi chomwechi chimene amafuna kupopera lero, ndipo anabwerera kwawo ndi chitini chosatsegula.

Nditatsiriza kuthirira ndinatembenukira ku nyemba ndi repu, chifukwa kumene kuli ntchentche zimenezi zambiri kumakhalanso nsabwe za m'masamba, ndipo gawo limeneli ndi limene linanditengera nthawi yaitali kuposa zonse lero. Nsonga za nyemba zakhala zakuda bii ndi nsabwe kuyambira mwezi watha, ndipo kunsi kwa masamba a repu kuli nsabwe zotuwa zimene zimapinditsa tsamba. Nditatembenuza masamba mosamala ndinapeza timazira toyera, totalika pafupifupi milimita imodzi, toikidwa limodzilimodzi pakati penipeni pa nsabwe. Ntchentche yaikazi siikira mazira paliponse. Imayendera mbewu, kufufuza pamene nsabwe zaunjikana, n'kuikira pomwepo kuti mwana akangoswa apeze chakudya pakamwa. Mungu umene imadya pa maluwa ndi umene umaipatsa mphamvu yokhwimitsa mazirawo, pamene timadzi totsekemera ta m'maluwa timaipatsa mphamvu youlukira, choncho maluwa a fennel ndi nsabwe za pa nyemba ndi mbali ziwiri za nkhani imodzi.

Mphutsi zake ndinazipezanso, ngakhale kuti zimavuta kuona masana chifukwa zimabisala m'makwinya a masamba ndipo zimadya kwambiri usiku. Ndi timphutsi topanda miyendo, tophwathalala, tosongoka kumutu, toonekera mkati mwakuti umatha kuona matumbo ake akuyenda. Kamodzi ndinakapeza kali pa ntchito: kanafufuza uku ndi uku ndi mutu wake, popeza kalibe maso oonera bwino, n'kubaya nsabwe, kuinyamula m'mwamba, kuiyamwa mpaka kutsala khungu lokha, kenaka n'kutaya khungulo n'kugwira ina. Mphutsi imodzi imatha nsabwe mazana angapo m'masabata awiri kapena kucheperapo, isanasanduke chikwa chooneka ngati dontho la madzi chimene chimamatirira kunsi kwa tsamba. Nsonga zina za nyemba zimene sabata yatha zinali zodzaza ndi nsabwe lero zangotsala ndi makungu oyera ndi timadontho takuda tonga phula, timene mphutsi imasiya ikamakonzekera kusanduka chikwa. Pa nsonga zina nkhondo idakalipo, chifukwa nyerere, zomwe zimamwa madzi otsekemera otuluka mwa nsabwe, zimateteza nsabwezo ndipo zimalimbana ndi mphutsi.

Chimene chimandidandaulitsa ndi chakuti mphutsi zimenezi sizioneka bwino m'maso, ndipo mlimi wosazidziwa akazipeza pa tsamba lopindika amaganiza kuti ndizo zikuwononga mbewu, n'kuziphwanya ndi chala kapena kuzipopera mankhwala. Anthu ambiri amayamikira ntchentche yaikulu yokongola ili pa duwa, koma ntchito yeniyeni yoteteza mbewu imagwiridwa ndi kamphutsi konyansako.

Masana dzuwa linakula moti ndinakhala pamthunzi pakhomo, ndikuyang'ana maluwa ndi kulingalira chifukwa chake ntchentchezi zachuluka chonchi chaka chino. Mbali ina ya yankho ili m'nyengo. Nthambi yoona zanyengo ya dziko lino, Met Office, inalengeza kuti miyezi ya Marichi, Epulo ndi Meyi chaka chino inali yotentha komanso yadzuwa kuposa zaka zonse chiyambire kulemba kaundula wa nyengo. Nsabwe za m'masamba zimakonda nyengo yotere, ndipo zimaswana mofulumira chifukwa zazikazi zimabereka ana amoyo popanda yaimuna, anawo n'kuyambanso kubereka patangopita masiku owerengeka. Nsabwe zikachuluka, zonse zimene zimadya nsabwe zimachulukanso pambuyo pake. Lachinayi lapitali, pa bwalo la Lord's ku London, masewero a cricket a pakati pa England ndi India anaima kwa kanthawi chifukwa cha tizilombo tofiira ta madontho akuda totchedwa ladybird, timene tinadzaza pabwalopo, ndipo nato timadya nsabwe zomwezi. M'dimba mwathu timeneti tiliponso, koma ntchentche ndi zochuluka kwambiri kuposa ito.

Mbali ina ya yankho ili kumwamba, kumene maso athu safika. Ntchentche ya marmalade ndi inzake yotchedwa Eupeodes corollae zimasamuka mtunda wautali. Zimafika kuno kuchokera kumayiko a ku Ulaya m'miyezi ya Meyi ndi Juni, zimaikira mazira, ndipo ana ake ndi adzukulu ake amabwerera kummwera kuyambira mu Ogasiti nyengo yozizira isanafike. M'chaka cha 2019 akatswiri a pa yunivesite ya Exeter, motsogozedwa ndi Karl Wotton ndi Jason Chapman, anafalitsa zimene anapeza atasanthula zolemba za zaka khumi za makina a radar oyang'ana m'mwamba, ena mwa iwo ali ku Rothamsted ku Hertfordshire, amene amawerenga tizilombo touluka pakati pa mamita 150 ndi 1,200 kuchokera pansi. Anapeza kuti ntchentche za mitundu iwiriyi zofika mpaka 4 biliyoni, zolemera matani 80 zonse pamodzi, zimadutsa pamwamba pa chigawo cha kummwera kwa Britain chaka chilichonse, ndipo mphutsi zake zobadwira kuno zimadya nsabwe zokwana 6 thililiyoni. Anapezanso kuti sizingotengedwa ndi mphepo iliyonse, koma zimasankha tsiku limene mphepo ikuwombera kumene zikufuna kupita, n'kukwera pamwamba pamene mphepoyo ili ndi liwiro. Colchester ali pafupi ndi nyanja ya kum'mawa, choncho mphepo yofunda ikawomba kuchokera kutsidya, ife timakhala m'gulu la oyamba kulandira alendowa, amene amafika ali ndi njala n'kutera pa maluwa oyamba kuwapeza. Ndikuganiza kuti zimene zili m'dimba mwathu lero ndi zosakanikirana, zina zobadwira pa nyemba zathu zomwezi, monga zikusonyezera zikwa zong'ambika zimene ndinapeza, ndi zina zochokera kutali.

Ulendo wobwerera nawo anthu anauona ndi maso. Mu Okutobala 1950, David Lack ndi mkazi wake Elizabeth, omwe anali akatswiri a mbalame, anakwera mapiri a Pyrenees, pa malire a France ndi Spain, kukaona mbalame zosamuka, ndipo pa mpata wina wa phiri anapeza agulugufe, atombolombo ndi ntchentche zimenezi zikudutsa mosalekeza kulowera kummwera. Mpata umenewo, wa Bujaruelo, ndi wotambalala mamita 30 okha, ndipo gulu la ku Exeter lomwe lija litakawerenga kwa zaka zinayi linalengeza mu 2024 kuti tizilombo toposa 17 miliyoni timadutsa pamenepo chaka chilichonse, ndipo tambiri mwa ito ndi ntchentche. Kafukufuku wina wa gulu lomweli anasonyeza kuti ntchentchezi zimalondola njira poyang'ana dzuwa, ndipo zimadziwa kuti dzuwalo limasuntha tsiku likamapita. Kachilombo kotalika sentimita imodzi kamene kamanyambita thukuta pa mkono wanga m'mawa kakhoza kukhala kholo la ntchentche zimene zidzadutse pa mpata umenewo m'miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayi.

Madzulo, adzukulu aja atafika n'kumasewera popanda wolumidwa, bambo aja anabweranso pampanda ndi mfundo imene sindinagwirizane nayo. Anati: "Achimwene, ndiye kuti zimene amanena pa wailesi zoti tizilombo tikutha ndi zabodza, taonani mmene tachulukira." Ndinawayankha kuti maso athu akhoza kutinamiza tikangoyang'ana kuchuluka osayang'ana mitundu. M'dziko muno muli mitundu ya ntchentche zimenezi pafupifupi 280, ndipo pa dziko lonse ilipo pafupifupi 6,000, koma tsiku lonse la lero m'dimba mwathu ndaona mitundu yowerengeka chabe, ndipo unyinji wonsewo unali wa mtundu umodzi wosamuka. Mitundu yosamukayo imatha kuthawa malo oipa n'kukapeza abwino, ndipo kafukufuku wa 2019 uja anapeza kuti chiwerengero chake sichinatsike m'zaka khumi zimene anawerenga. Koma mitundu yambiri siisamuka, ndipo mphutsi zake sizidya nsabwe. Zina zimakulira m'mitengo yowola, zina m'madzi odikha m'mphako za mitengo yakale, zina m'madambo, ndipo malo oterewa ndi amene akuchepa. Ku Germany, akatswiri a ku Krefeld anatchera tizilombo touluka m'malo otetezedwa 63 kwa zaka 27, ndipo zotsatira zimene zinatuluka mu 2017 zinasonyeza kuti kulemera kwa tizilombo togwidwa kunatsika ndi magawo oposa 75 pa 100 aliwonse. Chaka chimodzi chabwino cha mtundu umodzi sichifafaniza zimenezo.

Mwa mitundu yochepa ija, iwiri ndiyenera kuitchula. Pa maluwa a buddleia a bambo aja panatera ntchentche yaikulu kwambiri, yotalika pafupifupi masentimita awiri, yotchedwa Volucella zonaria, imene imafanana ndi mavu akuluakulu ndipo mphutsi zake zimakulira m'zisa za mavu enieniwo. Panalinso Eristalis tenax, yofanana ndi njuchi, imene mphutsi yake imakhala m'madzi akuda n'kumapumira m'kachubu kakatali kakumbuyo kwake. Si mitundu yonse imene ili bwenzi la mlimi: pali ina imene mphutsi zake zimadya mkati mwa mizu yonga anyezi ya maluwa a daffodil, ndipo olima maluwa amenewa amaida.

Dzuwa litapendeka ndinaimbira foni amayi ku Ntcheu pa WhatsApp, ndipo popeza kumudzi ino ndi nyengo ya dimba, nkhani inafika yokha pa nsabwe. Anandiuza kuti mpiru ndi repu wawo wagwidwa ndi nsabwe, ndipo akuganiza zogula mankhwala Lolemba. Ndinawafunsa kuti: "Amayi, kodi munayamba mwaonapo tintchentche tachikasu toima m'malere pa maluwa a mpiru umene mumasungira mbewu?" Anayankha kuti: "Timeneto timationa, mwanawe, koma timangoti ndi tinjuchi." Ntchentche za banja limeneli ziliko kwathu, ndipo mtundu wina wofala mu Africa, Ischiodon aegyptius, mphutsi zake zimadyanso nsabwe monga momwe zikuchitira za kuno. Kwathu nsabwe ndi mdani wamkulu kuposa kuno, chifukwa kuwonjezera pa kuyamwa masamba a ndiwo ndi khobwe, ndi zimene zimafalitsa matenda a kadukutu mu mtedza.

Sindinawauze kuti asiye kupopera, chifukwa kusiyana kwa iwo ndi ine n'kwakukulu. Ine repu wanga akawonongeka ndimapita kusitolo, pamene iwo masamba amenewo ndi amene amagulitsa kuti apeze sopo ndi mchere, ndipo wogula pamsika safuna tsamba lopindika. Ntchentche zimafika nsabwe zitayamba kale kuchuluka, choncho pamakhala masabata ena amene mlimi amaona mbewu yake ikuvutika, ndipo kudikira n'kosavuta kwa munthu amene sadalira dimbalo. Chimene ndinawapempha ndi chakuti asanapopere atembenuze masamba n'kuona ngati pali mazira oyera kapena timphutsi tija, ndipo ngati tilipo tambiri adikire masiku ochepa, kapena apopere mbewu zokhazo zimene zagwidwa kwambiri, osati dimba lonse. Mankhwala monga cypermethrin ndi dimethoate, amene alimi ambiri a ndiwo zamasamba amagwiritsa ntchito, sasankha. Amapha nsabwe pamodzi ndi zodya nsabwe, ndipo popeza nsabwe zimaswana msanga kuposa adani ake, zimabwerera m'dimba mopanda wozilonda. Ndinawapemphanso kuti mpiru wosungira mbewu uja asaupopere uli ndi maluwa. Ntchentchezi milomo yake ndi yaifupi, kotero zimadalira maluwa ang'onoang'ono otseguka, ndipo mizere ingapo ya mpiru wochita maluwa m'mphepete mwa dimba ndi yokwanira kuziitana. Amayi anaseka n'kunena kuti mawa akapita kudimba akatenga magalasi awo, chifukwa popanda iwo timazira toterewo sangatione.

Ntchito yotsiriza ya lero inali kutumiza zithunzi zimene ndinajambula ndi foni. Kuno kuli ndondomeko yotchedwa Hoverfly Recording Scheme, imene inayamba mu 1976 ndipo imasonkhanitsa zimene anthu wamba aona, ndipo munthu akhoza kutumiza kudzera pa tsamba la pa intaneti lotchedwa iRecord, bola alembe tsiku, malo enieni ndi mtundu umene akuganiza kuti waona, akatswiri n'kutsimikizira. Ndatumiza marmalade, Volucella ndi Eristalis, komanso chithunzi cha mphutsi ili pa tsamba la repu. Kantchentche kena kakang'ono kakuda kamene kanali pa coriander ndakasiya, chifukwa mitundu yaing'ono yotere akatswiri amaizindikira poyang'ana ndi makina okuzira zinthu, ndipo chithunzi cha pafoni sichikwanira. Ndagwirizananso ndi bambo aja kuti chomera choyanga cha ivy chimene chili pampanda wathu tisachidule mpaka chitachita maluwa mu Seputembala ndi Okutobala, popeza nthawi imeneyo fennel adzakhala atauma ndipo ntchentche zotsalira kuno zidzafuna podyera.